Kuukitsa thirela yakale: yambani kunsi, penti ibwere pomaliza

M'maboma a Kasungu ndi Mchinji simungasowe thirela yakale itagona kuseri kwa chigafa kapena pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira mkati mwake. Zambiri mwa izo zinabwera kuchokera ku South Africa zikukokedwa ndi galimoto, monga za mtundu wa Venter, ndipo zina anazipanga ndi amisiri a konkuno pogwiritsa ntchito ekiselo ya galimoto yakufa. Kwa mlimi amene ali ndi pikapu kapena galimoto yaing'ono, thirela yotere ikakonzedwa bwino imachepetsa ndalama zolipira onyamula katundu, chifukwa imatha kututa matumba a soya ndi mtedza kuchoka kumunda, kubweretsa feteleza kuchokera ku Santhe kapena kwa Kamwendo, ngakhalenso kusonkhanitsa mabelo pamalo pamene thiraki imadzawatenga kupita nawo ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amayamba ndi kugula chitini cha penti, pamene chimene chimagwetsa thirela pamsewu chili kunsi kumene maso safika.

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala. Nthawi imeneyi zokolola zimakhala zitagulitsidwa kotero kuti m'thumba mumakhala kangachepe, chitsulo chimakhala chouma, penti imagwira msanga, ndipo thirela imakhala yokonzeka feteleza asanayambe kufunika mu Novembala. Kuwotcherera ndi kupenta m'nyengo ya dzinja n'kudzivutitsa, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa pansi pa penti ndipo dzimbiri limayambiranso chaka chisanathe.

Musanagule kanthu kalikonse, chotsani matabwa kapena malata apansi, muitane anthu atatu kapena anayi akuthandizeni kuigubuduza thirelayo kuti mimba yake ione kumwamba. Tengani hamala yaing'ono ndipo mugogode chesesi yonse, zitsulo zapansi zimene zimanyamula bokosi, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza ndipo hamala imadumpha, koma chimene chadyedwa chimalira mogontha, chimayoyoka zimamba zofiirira, mwinanso hamalayo imangolowa. Malo ofunika kuwafufuza modekha ndi atatu: pamene mkono wokokera ukumana ndi chesesi, pamene masipiling'i amangiriridwa, ndi m'makona momwe fumbi ndi madzi zimakhazikika. Thirela imene inkanyamula feteleza imawonongeka kwambiri m'makona amenewa kuposa inzake, chifukwa yuriya ndi mitundu ina ya feteleza imakoka chinyezi ndipo timibulu tochepa totayika pathumba long'ambika timadya chitsulo mwakachetechete kwa zaka. Ngati zitsulo ziwiri zazitali za chesesi zabooka m'malo ambiri, maganizo anga ndi akuti musataye ndalama n'kumata zigamba. Sungani ekiselo, mahabu (zitsulo zozungulira kunsonga za ekiselo zimene magudumu amamangidwapo) ndi masipiling'i, mmisiri akupangireni chesesi yatsopano. Koma ngati kuwonongeka kuli pa zitsulo zopingasa zokha kapena m'mbali mwa bokosi, thirelayo ndi yochiritsika.

Chachiwiri ndi kuona ngati thirela ili yowongoka, ndipo pamenepa tepi yoyezera imanena zoona kuposa diso. Yezani kuchokera pakati pa chokolekera cha kumutu kufika kunsonga ya ekiselo ya kumanzere, kenako muyeze chimodzimodzi kumanja. Miyeso iwiriyi iyenera kufanana, ndipo ikasiyana ndi mamilimita oposa asanu, thirela imayenda chammbali, imadya tayala limodzi mofulumira komanso imagwedeza galimoto ikathamanga. Yezaninso bokosi mopingasa, kona yakutsogolo kumanzere kufika kona yakumbuyo kumanja, ndi mbali inayo momwemonso. Lembani manambalawa papepala, chifukwa wowotcherera adzawafuna. Ekiselo yopindika imadziwika ndi matayala amene atha mbali imodzi yokha, ndipo yotereyi ndi bwino kuisintha kusiyana n'kuiwongola ndi moto, popeza chitsulo chotenthedwa mpaka kufiira sichibwerera mphamvu zake zakale.

Pomasula zinthu, jambulani chilichonse ndi foni musanachichotse, makamaka dongosolo la mawashala ndi manati a mu habu. Mabawuti ogwidwa ndi dzimbiri athireni oyilo wosakaniza ndi palafini madzulo, muwamasule mawa lake. Amene akana, aduleni ndi gulainda m'malo molimbana nawo mpaka kuthyola sipanala. Mukamagwira ntchito thirela ili chiimire, musadalire jeke yokha ndiponso musaisanjike pa njerwa zowotcha, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Zitsa za mtengo wolimba zodulidwa mosalala n'zodalirika ndipo sizisowa pamudzi.

Kwa wowotcherera n'kumene ndalama zambiri zidzapite, choncho sankhani munthu poona ntchito yake, osati pomva mtengo wotsika. Pemphani kuona ngolo kapena mageti amene wapanga kale. Mzere wowotcherera bwino umakhala wofanana kukula kwake, wolowerera mbali zonse ziwiri za chitsulo, ndipo akagogoda chikhungwa chakuda chapamwamba sipaoneka timabowo. Mzere wa mibulumibulu yongokhala pamwamba umagwira pageti, koma pathirela umasweka mukangodutsa maenje angapo. Muuzeni adule mbali yodyedwa mpaka apeze chitsulo chowala, asongole m'mphepete mwa zidutswa ziwirizo kuti moto ulowe mkati, agwirize kaye ndi timadontho, muyezenso ndi tepi, kenako amalize. Pa zitsulo zopyapyala za bokosi marodi a 6013 a mamilimita 2.5 amakwanira, pamene pa chesesi pamafunika a mamilimita 3.2 ndi makina amphamvu. Magetsi akakhala ofooka tsiku limenelo, ndi bwino kudikira kusiyana n'kulola kuti chesesi iwotchereredwe ndi moto wosakwanira. Pamene alumikiza chitsulo chachitali, aikepo chigamba cham'mbali chodutsa mbali zonse za polumikizirapo. Asawotcherere modula mkono wokokera chopingasa pamwamba pake, chifukwa mng'alu umayambira pamzere womwewo. Ndipo ngati thirela ndi ya chitsulo chokutidwa ndi zinki, chotuwa ngati malata atsopano, apale kaye zinkiyo pamalo owotchererapo ndipo agwire ntchito panja pamphepo, popeza utsi wake woyera umadwalitsa mutu ndi chifuwa.

Ntchito imeneyi imatenga maola, ndipo amene wakhalapo pabenchi la owotcherera pa Kasungu boma kapena pa Mkanda amadziwa kuti sutopa kudikira, chifukwa njinga zamoto zimangosinthana pamenepo. Anyamata akabaza amabwera kudzalimbitsa makaliyala osweka ndi matumba, kudzawotcherera sitandi, kapena kudzawonjezera chitsulo chopondera. Ndimasirira kwambiri Yamaha AG200, imene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akuyendera m'midzi kwa zaka zambiri. Njinga imeneyi anaipangira alimi, ndipo zimaonekera pa chilichonse: tcheni chake n'chotsekeredwa m'chikuto kuti fumbi ndi matope zisachidye, ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri kuti uiimike paliponse pamene nthaka yapendekera, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, komanso zitsulo zoteteza manja ku nthambi. Injini yake ya 196cc si yothamanga, koma imakoka mofatsa mumchenga wa m'madambo mmene zinzake zimapunthwa. Pambali pake pamakhala Boxer ya kampani ya Bajaj ya ku India, yampando wautali wosalala, imene akabaza amaikonda chifukwa chosamwa mafuta ambiri, ndi njinga za ku China zambirimbiri zimene injini zake anatengera pa Honda CG125. Honda inapanga CG125 m'zaka za m'ma 1970 poganizira maiko amene eni njinga sasintha oyilo pa nthawi yake, ndipo nzeru imeneyo ndi imene ikuyendetsa anthu kuchokera ku Chamama kupita ku Mtunthama mpaka lero. Mukamaziyang'ana, onani mmene mwini njinga wosamala amakokera tcheni ndi chala kuti aone kulimba kwake, mmene amagwedezera gudumu lakumbuyo kumvetsera ngati mabering'i akugogoda. Kuyeza komweko ndi kumene mukachite pa thirela yanu, ndipo pamenepa m'pofunika kuchedwapo.

Mabering'i ndi amene amasiya mathirela ambiri m'mbali mwa msewu wa M1, gudumu litatuluka kapena habu ikufuka utsi. Chotsani kachipewa ka pakati pa habu, wongolani pini yopindika imene imatseka nati, masulani natiyo, ndipo habu idzatuluka pamodzi ndi bering'i yakunja. Yamkati imatsalira kuseri kwa chotsekera cha labala, chimene muyenera kuchichotsa n'kuchitaya, chifukwa chikatulutsidwa sichitsekanso bwino. Tsukani zonse m'palafini, osati m'petulo, pogwiritsa ntchito mswachi wakale, ndipo muziyanike pansalu yoyera kutali ndi mchenga. Tsopano yang'anani timagudumu ta bering'i ndi mphete imene timayendamo. Mukaona timaenje, mizere yokumbika, kapena mtundu wabuluu wosonyeza kuti chitsulo chinapsa, sinthani bering'i pamodzi ndi mphete yake; kuika bering'i yatsopano m'mphete yakale n'kungotaya ndalama. Nambala yake imalembedwa m'mphepete, koma njira yosalakwika ndi kunyamula yakaleyo kupita nayo kusitolo ya zipangizo za galimoto. Mphete yakale imatuluka poigogoda kuchokera kuseri mozungulira, ndipo yatsopano ilowetseni mofanana mbali zonse, mutasanjikapo yakale ija kuti hamala isaikhudze, mpaka kulira kwake kusinthe kusonyeza kuti yafika pansi.

Kuika girisi kuli ndi kachitidwe kake. Ikani chibumi cha girisi pachikhatho chakumanzere, gwirani bering'i ndi dzanja lamanja mbali yotambalala ili pansi, ndipo muikande pachikhathocho mobwerezabwereza mpaka girisi itulukire pamwamba pakati pa timagudumu, kenako mutembenuze pang'ono n'kupitiriza mpaka mwazungulira yonse. Kungopaka kunja sikuthandiza, chifukwa mkati mumakhalabe mouma. Gwiritsani ntchito girisi yolembedwa kuti ndi ya mabering'i a magudumu, ndipo musasakanize mitundu iwiri. Mukabwezera habu, mangani nati uku mukuzunguza gudumu mpaka mumve kuti layamba kulemera, kenako bwezani natiyo pang'ono kufikira gudumu lizizungulira momasuka ndipo bowo la pini lionekere. Mukagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, pazimveka kusewera kochepa zedi kongomveka m'manja. Nati yothina kwambiri imawotcha bering'i, yolekerera imaiphwanya. Ikani pini yatsopano, osati msomali kapena waya, ngakhale kuti ambiri amatero.

Masipiling'i safuna zambiri. Amasuleni, palani dzimbiri pakati pa zitsulo zake, ndipo mufufuze ngati pali chothyoka, makamaka pafupi ndi bawuti yapakati. Chitsulo cha sipiling'i chothyoka sichiwotchereredwa, chimasinthidwa. Mabushi, timphete ta labala ta kumapeto kwa sipiling'i, ndi mabawuti opindika amene amamanga ekiselo ku sipiling'i gulani atsopano, popeza si okwera mtengo poyerekeza ndi ngozi imene amaletsa.

Matayala a thirela kawirikawiri amafa ndi ukalamba ndi dzuwa mapanga ake asanathe. Pambali pa tayala pali manambala anayi omaliza pamzere umene umayamba ndi zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero kuti 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi liyang'anitsitseni, ndipo likakhala ndi ming'alu m'mbali musalidalire ngakhale likuoneka lonenepa. Pogula akaunjika, onaninso nambala ya kulemera kumene tayala limatha kusenza. Mwachitsanzo, 82 amatanthauza makilogalamu 475 pa tayala limodzi. Matayala okhala ndi chilembo C, opangira magalimoto onyamula katundu, ali ndi m'mbali molimba ndipo amapirira bwino misewu yafumbi yopita ku Chulu kapena ku Kapiri. Awiri onse akhale a saizi imodzi, ndipo mupezeretu lachitatu losinthira, mutatsimikiza kuti mabowo a limu yake akugwirizana ndi habu.

Penti tsopano yafika nthawi yake. Palani chitsulo chonse ndi burashi ya waya yomangirira pa gulainda, mutavala magalasi chifukwa timawaya timathothoka n'kuuluka, pukutani ndi nsalu yonyowetsa thinala, ndipo tsiku lomwelo pakani penti yofiira yoletsa dzimbiri, ija amati redi okusaidi. Chitsulo chopalidwa chikagona usiku wonse pamame chimayambiranso dzimbiri. Pakani kawiri mopyapyala, kenako penti yamafuta kawiri, mukudikira kuti iliyonse iume. Kunsi ndi m'makona ndi kumene burashi iyenera kuchedwa. Boolani timabowo m'makona a bokosi kuti madzi azituluka. Pansi pake mutha kuika chitsulo chamadonthomadontho, chimene n'cholimba koma cholemera, kapena matabwa a bulugamu ouma bwino, opakidwa mankhwala oteteza ku chiswe mbali zonse asanakhomedwe ndi mabawuti. Ine ndimakonda matabwa, chifukwa saterera, satentha mbewu padzuwa, ndipo limodzi likawola mumasintha lokhalo.

Mawaya akale achotseni onse, chifukwa makoswe ndi dzuwa amakhala atawamaliza. Gulani chingwe cha mawaya asanu ndi awiri ndi pulagi ya mapini 7, imene ndi yofala pa magalimoto ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Pa dongosolo limeneli waya wachikasu ndi wa indiketa yakumanzere, wobiriwira ndi wa yakumanja, wofiira ndi wa magetsi a mabuleki, wakuda ndi wa getsi lakumbuyo la kumanzere, wabulauni ndi wa lakumanja, woyera ndi wa ethi, wobwezera mphamvu ya magetsi ku galimoto, ndipo wabuluu ndi wa getsi la m'nkhungu limene mathirela ambiri aang'ono alibe. Magetsi akamaphethira onse pamodzi mukayatsa indiketa, pafupifupi nthawi zonse vuto ndi ethi, choncho pititsani waya woyera mpaka pa getsi lililonse m'malo modalira chesesi imene mwangoipenta kumene. Dutsitsani chingwe mkati mwa paipi kapena muchimange m'mbali mwa chesesi kuti ziputu za chimanga zisachikole, ndipo musiye utali wokwanira kumutu kuti chisaduke pokhota. Onjezerani zonyezimira zofiira kumbuyo, chifukwa usiku pamsewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji mathiraki opita ku chipata cha Mwami amafunika kukuonani ali patali.

Chokolekera cha kumutu nthawi zambiri chimakhala cha mpira wa mamilimita 50. Chikolekeni pa galimoto n'kuchikankhira m'mwamba mwamphamvu. Chikagogoda kapena kutuluka, chatha ndipo musinthe chonse, mutachimanga ndi mabawuti olimba olembedwa 8.8 pamutu. Ikaninso tcheni cholimba chokolekera pa galimoto, chotalika mokwanira kulola kukhota koma chosakwekwereka pansi. Thirela yoyenda pamsewu wa boma imafunika kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala yakeyake, choncho pitani ku ofesi ya Road Traffic mutatenga mapepala ake akale ngati alipo, mukamve zofunika musanayambe maulendo.

Thirela yopanda mabuleki akeake imapangidwa kuti kulemera kwake konse, iyo pamodzi ndi katundu, kusapitirire makilogalamu 750, ndipo malire amenewa ndi amene maiko ambiri amatsatira. Ngati yanu ikulemera makilogalamu 250 ili yopanda kanthu, ndiye kuti malo otsala ndi a matumba 10 a makilogalamu 50, osati 20 ngakhale bokosi litalola. Sanjani katundu kuti wochulukirapo pang'ono akhale kutsogolo kwa ekiselo, mwakuti mukanyamula mkono wokokera muzimva kulemera koma mutha kuudzutsa. Katundu akalemera kumbuyo, thirela imayamba kuvina uku ndi uku mukangowonjezera liwiro, ndipo zikatero chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono osaponda mabuleki mwadzidzidzi. Ena amayesedwa kumangirira thirela yotere kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo amisiri ena amavomera kuwotcherera chokolekera pa kaliyala. Musalole zimenezo, ngakhale njingayo ikhale AG200 imene ndaitama ija. Injini ikhoza kuikoka pamalo osalala, koma mabuleki a njinga yolemera makilogalamu ongopitirira 100 sangaimitse theka la tani potsetsereka, ndipo thirela imakankha gudumu lakumbuyo n'kugwetsa wokwera. Amene akufuna kunyamula katundu ndi njinga yamoto agule ya magudumu atatu yokhala ndi bokosi, imene inapangidwira ntchito imeneyo.

Ulendo woyamba ukhale waufupi ndipo thirela ikhale yopanda katundu. Mukayenda makilomita 5 imani, muike dzanja pa habu iliyonse: yofunda pang'ono ili bwino, koma yotentha moti simungaigwire ikusonyeza kuti nati yathina kapena girisi yachepa, ndipo mubwerere kunyumba pang'onopang'ono mukaimasule. Bwerezani ulendowo mutaika theka la katundu, mudutse dala pamsewu wa mabampu, kenako mugwade n'kuyang'ana mizere yonse yowotcherera ngati penti yang'ambika penapake, chifukwa mng'alu wa chitsulo umayamba kuoneka pa penti. Mukakwanitsa makilomita 50, manganinso manati a magudumu ndi mabawuti opindika a pa ekiselo, popeza amakhala atalekerera pamene zitsulo zatsopano zikukhazikika, ndipo tsiku lililonse limene mwanyamula feteleza tsukani bokosi ndi madzi ambiri musanaiimike pamthunzi.